Bonongwe Wawo, Chitseko Changa

Malume anga, a Namakhwa, anandilanda babashopu. Sanaigule, sanandipemphe. Ndinapita ku Limbe kukanoletsa makina ometera, pobwera ndinapeza malata ali pansi, matabwa ataunjikidwa kuseri kwa bafa, galasi litatsamira mtengo wa papaya. Pamene pankakhala mpando wa makasitomala panali malume ndi khasu. Chitseko anali atachigoneka kale chammbali, achimangirira ku zikhomo ndi waya, kuti chitchinge nkhuku.

Anamwalira mwezi wathawu. Pamaliro anthu anaimirira mmodzimmodzi kunena za bambo wofatsa, womva za anzake, wosadziwa kukangana. Munthu ameneyo ine sindinakumanepo naye. Amene ndinkamudziwa ndi amene ndikulemba panoyu.

Ndinakulira pakhomo pawo ku Zingwangwa, mayi anga, omwe anali mlongo wawo, atamwalira. Sukulu ndinailekera Fomu 3. Za ine zithere pomwepo.

Malume anagwira ntchito yosankha fodya ku Limbe mpaka kupuma. Ntchito yake inali kutenga tsamba, kulitambasula, kuliyang'ana pa kuwala, kulifikisa ndi zala, n'kunena giredi yake. Anapuma pantchito, koma zalazo sizinapume. Chilichonse chinali ndi giredi. Ulaliki wa Lamulungu unali ndi giredi. Makondakitala a minibasi anali ndi giredi. Mvula, sopo, akamwini a anthu ena. Ine anandiika pa sikirapu, fodya wophwanyikaphwanyika amene amatsala pansi akamaliza kusankha, ndipo sankanenera kumbali. Ankati sikirapu nayenso amagulidwa, kungoti pamtengo wake.

Akazi awo, amene ndimawatchula kuti anti, ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Anali mayi wathupi, wodziwika dera lonse. Akamadutsa, amayi anzawo ankati kusungidwa ndiye kumeneko, ndipo malume ankamva kukoma ngati ayamikiridwa iwo. Kenaka chala cha kuphazi kwa anti chinatuluka bala. Linali laling'ono, la nsapato yothina, koma silinkapola. Kuchipatala anawapeza ndi shuga. Anawauza mosazungulira kuti akapanda kuchepetsa thupi ndi kusintha kadyedwe, phazilo lidzatsala komweko.

Namwino anawafotokozera kuti theka la mbale lizikhala masamba, mafuta pang'ono, shuga ayi. Munthu wina akanati zikomo n'kunyamuka. Malume anafunsa kuti masamba ake ati. Namwinoyo anayankha kuti masamba onse sanenepetsa, koma si onse ali ndi zofanana mkati. Obiriwira kwambiri ndiwo amakhala ndi zambiri zowonjezera magazi, zothandiza maso ndi mafupa. Ananena zimenezo akuitana wodwala wina. Sanadziwe kuti wapereka ntchito kwa munthu amene anali atakhala zaka akusowa chosankha.

Kuyambira pamenepo ndiwo zinalowa m'magiredi. Pamwamba panali bonongwe, chisoso, luni, nkhwani ndi kholowa. Ankati masamba amenewa anthu a m'tauni amawanyoza chifukwa amamera okha pa dzala, koma ndiwo ali ndi katundu. Pakati panali mpiru, repu ndi chayinizi, ndipo pa atatuwa chayinizi ankamukayikira chifukwa cha nthiti zake zoyera zija. Pansi panali kabichi, letesi ndi nkhaka. Izi ankati ndi madzi ovala malaya. Komabe sankazitaya. Ankati ntchito yake ndi kudzaza mimba kuti munthu asafune zina, ngati mlonda amene sagwira wakuba koma amakhalapo. Kabichi ankamupatsako ulemu pang'ono akadyedwa wosapsetsa, ndipo ankalamula kuti masamba akunja obiriwira aja, amene amayi amasenda n'kutaya, ndiwo alowe mumphika poyamba. Karoti ankati ndi wa maso. Therere ankalilemekeza, koma pa therere ndi pamene panali nkhondo. Ndifika.

Zina anazimva pa wailesi, zina anafunsa anamwino tsiku la kiliniki mpaka ena ankabisala akawaona pamzere. Zina, ndikukhulupirira, anangoziganiza okha. Koma akanena, ankanena ngati zalembedwa pa mwala.

Kumsika wa Zingwangwa amayi ogulitsa masamba anawapatsa dzina loti a Giredi. Ankafika pa benchi, n'kusolola tsamba limodzi pa mtolo, kulikweza kudzuwa.

"Bambo, mugula kapena mukuyeza maso?" anawafunsa tsiku lina mayi wina wa mpiru.

"Uyu ndi wa dzulo."

"Wa dzulo ndinu. Uyu ndathyola m'mawa uno."

"Mwamuwaza madzi m'mawa uno. Kuthyola munathyola dzulo."

Mayiyo anatembenukira anzake. "Atsikana, tandithandizeni. Ndalama ya mtolo umodzi, mafunso ngati apolisi."

Anagula, koma atanena kaye giredi yake.

Msika sunawakhutitse. Ankati sadziwa madzi amene amathirira masambawo, ndiponso tsamba likagona limachepa mphamvu. Anafuna dimba lawolawo. Puloti yathu ndi ya pamtunda, miyala yokhayokha, kupatula ngodya imodzi ya kumsewu kumene kumafika dzuwa la m'mawa ndiponso kumatsikira madzi a pampopi. Pa ngodya imeneyo ndi pamene panali babashopu yanga. Anali atandiloleza okha kumanga pamenepo. Nditawakumbutsa zimenezo tsiku lija, sanasiye n'kulima komwe.

"Malume, ndidyera kuti?"

"Mitu ili paliponse. Dzuwa la m'mawa lili pano pokha."

"Nanga katundu wanga?"

"Phazi la anti ako likapola, udzatenga."

Malata anakafolera khitchini. Matabwa anadikira phazi mpaka chiswe chinawapeza. Ine ndinakapempha malo pakhonde la telala wina kumsika, kumene ndimameta mpaka lero, mvula ikabwera ndi mphepo makasitomala n'kumathawa mutu uli theka.

Kukhala pakhonde limenelo kunandionetsa chinthu chimodzi. Moyang'anizana nalo pali chiwaya. Masana ena ndinaona malume ataima kuseri kwa chiwayacho, chipewa atachitsitsa, akudya tchipisi ndi kanyenya wa nkhumba, mchere akuthira ngati akufesa. Sikanali kamodzi. Nditawapeza, sanachite manyazi n'komwe. Anapukuta zala pa pepala n'kunena kuti wodwala ndi anti, iwo thupi lawo ndi la giredi yoyamba. Ndinakawanenera kwa anti madzulo omwewo, chifukwa ndinali ndi mkwiyo wanga. Anti anaseka. Anati jekete la malume linawauza kalekale.

Kunyumba kunali malamulo. Mafuta ankayezedwa ndi kachivundikiro ka botolo. Masamba asapse mpaka kuda. Atsike pamoto akadali obiriwira. Msuzi wake usatayidwe, chifukwa zabwino zimathawira mmenemo. Tomato alowe ndithu, amathandiza thupi kutenga za magazi zija. Tiyi asabwere pafupi ndi chakudya, amazitsekereza. Nsinjiro ankavomereza kuti ndi zabwino, koma ankati zimanenepetsa, choncho zinaletsedwa. Mandasi anti anapitiriza kukazinga, poti ndiwo ankagula sopo, koma kulawa ayi. Tangoganizani munthu kuima pa fungo la mandasi m'mawa uliwonse, n'kukadya chisoso chowiritsa.

Ndiye therere. Anti anakulira therere la soda, lofewa, lotsetsereka pakhosi. Malume anamva kuti soda amapha mavitamini. Anatenga kapaketi ka soda n'kukabisa. Anti anagula kena. Malume anabisanso. Anti anayamba kusunga soda kwa aneba. Therere likafika patebulo, malume ankaviika chala, kulawa, n'kuyang'ana akazi awo nthawi yaitali. Anti ankadya osadzutsa mutu.

Koma zinkagwira. Bala linayamba kuuma. Kuchipatala anati shuga akutsika. Ndipo anti anayamba kuchepa. Yunifomu yawo ya amayi a kumpingo inapita kwa telala kukabweza, kenaka inapitanso. Makolala, mafupa a m'munsi mwa khosi, anayamba kuoneka. Apa ndi pamene malume, munthu wodziwa kuwerenga tsamba, analephera kuwerenga anthu.

Kwathu kuno mayi wathupi akayamba kuonda, palibe amaganiza za bonongwe. Amaganiza ziwiri: mwina kachilombo, mwina bambo wa pakhomo zamuthera. Pampopi wa m'dera amayi ankasiya nkhani anti akafika. Wina anawafunsa mwachifundo ngati anayamba kulandira mankhwala aja. Wina anawabweretsera shuga ndi buledi mobisa, ngati akupereka kwa wamasiye. Mawu anakwera minibasi mpaka ku Bangwe, kumene kumakhala a Jailosi, mlongo wa anti, amenenso anali nkhoswe ya banjalo.

Anabwera Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, ali ndi amayi awiri a kwawo. Anakana tiyi. Anakhala pakhonde, anti anakhala pamphasa chapatali. Ine ndinali pomwepo chifukwa ndinkafuna kuona malume akupanikizidwa.

"Alamu," anayamba a Jailosi, "ife tinakupatsani munthu. Mukufuna mutibwezere mafupa?"

Yankho la funso limenelo aliyense amalidziwa. Umatsitsa mutu, umapepesa kuti sunawadziwitse achibale msanga za matendawo, umafotokoza zimene adokotala ananena, umapempha nzeru zawo ngakhale usakuzifuna. Akanatero, a Jailosi akanamwa tiyi n'kubwerera.

Malume anaimirira. Anatenga lichero, analowa m'dimba, anatuluka nalo litadzaza. Analiika pansi pamaso pa alendo n'kuyamba kuyala masamba m'mizere, monga ankachitira ku fodya. Bonongwe, chisoso ndi luni kumanja. Mpiru ndi repu pakati. Anandituma kukhitchini kukatenga kabichi, anamuika kumanzere yekha. Kenaka anayamba kuphunzitsa. Anakweza tsamba la bonongwe kudzuwa kuti a Jailosi aone kubiriwira kwake. Anang'amba kabichi kuti aone kuyera kwa mkati. Anafotokoza za magazi, za maso, za soda. Anati zonsezi munthu angadye mbale yodzaza osanenepa, koma wa kumanjayu amamusiyira kanthu m'thupi, wa kumanzereyu amangodutsa. Analankhula bwino, osaphonya. Sindinawamvepo akulankhula bwino chotero.

Mmodzi wa amayi aja anatola chisoso, anachiyang'ana uku ndi uku.

"Ichi kwathu timazula m'munda n'kutaya."

"Ndiye chifukwa chake kwanu anthu amatha magazi," anatero malume.

A Jailosi anavala chipewa. "Alamu, ife tabwerera munthu, inu mukutionetsa chakudya cha mbuzi. Achemwali, tengani zovala."

Pa anthu onse amene anali pakhondepo, panalibe amene anafunsa anti kuti iwo akuti bwanji. Malume anali otsimikiza kuti akazi awo akana. Anawayang'ana ngati mboni yawo. Anti anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwama. Podutsa pa lichero anaima.

"Bambo, phazi ndi langa, ndikudziwa. Koma ndatopa kudya ngati mbira, anthu n'kumandiyang'ana ngati maliro oyenda. Inu mumandifunsa chimene ndadya. Simunandifunsepo ngati ndakhuta."

Anapita. Malume anatsala ndi mizere yawo. Anatola masamba aja limodzilimodzi, osasakaniza magiredi, n'kukaphika okha.

Ku Bangwe anti anasamalidwa monga anthu amasamalira amene amamukonda. Tiyi wamkaka wa shuga, buledi wa majarini, nyama, kabichi wosambira m'mafuta, zakumwa zotsekemera. Sankafuna kuwapha. Ankafuna kuwabwezera thupi. Loweruka lililonse malume ankathyola masamba mamawa, kuwakulunga m'nsalu yonyowa, kukwera minibasi ya ku Limbe, kutsika, kukwera ya ku Bangwe. Ankalandiridwa pakhonde, m'nyumba ayi. Jumbo ya masambayo inkalandiridwa ndi manja awiri n'kulowa kuseri. Ulendo wina, potuluka, anaona kholowa wawo ali m'khola la mbira za a Jailosi. Anandiuza zimenezi akuvula nsapato, ngati akunena za mtengo wa minibasi. Loweruka lotsatira anapitanso.

Thupi la anti linabwerera, anthu a ku Bangwe anakondwa. Bala nalo linabwerera. Linada, linayamba fungo. Kuchipatala anadula chala. Anati phazi alisiya kaye, aone.

Anti atatulutsidwa, a Jailosi anabwera ndi galimoto yahayala kuti awatengere ku Bangwe. Anti anauza dalaivala kuti akhotere ku Zingwangwa. Sananene kuti wina analondola, wina analakwa, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anakhala pakhonde, phazi lili m'mabandeji, n'kuitana amuna awo.

"Ndidya masamba anuwo. Koma Lamulungu ndizitendera. Ndipo therere lopanda soda si therere, ndi chilango."

Malume anatsegula pakamwa. Ndinaona phunziro lonse likukwera pakhosi. Anameza.

"Soda wa kunsonga kwa supuni," anatero.

"Supuni yake ndisankha ine."

Ndi nthawi yokhayo imene ndinawaona akugonja. Mawa lake anatulutsa timapaketi tonse ta soda timene anabisa. Tinali m'thumba la jekete lawo lakale la kuntchito, tambiri, tina titauma ngati miyala.

Phazi linapola. Ndinapita kukakumbutsa za katundu wanga. Anati ndidikire mpiru akololedwe. Mpiru atatha, anati nkhwani wayamba kuyanga. Nkhwani atatha, anandifunsa ngati ndikufuna kuti anti abwerere kuchipatala chifukwa cha mpando wometera. Ndinawauza kuti malata si ndiwo. Anati ndikanakhala ndi nzeru zoyankhira choncho ku sukulu, bwenzi ndili patali. Tinakhala miyezi tikungopatsana moni.

Malume kuchipatala ankapita mwezi uliwonse, koma ngati woperekeza. Ankanyamula buku la anti, ankakangana ndi anamwino za kusiyana kwa repu ndi mpiru, ankakhala pafupi ndi makina oyezera BP osapereka mkono wawo ngakhale tsiku limodzi. Namwino wina anawapempha. Anati iwo sanabwere kudzadwala. Mwezi wathawu anagwa m'dimba m'mawa, kheni yothirira ili m'manja. Anti anawapeza atagona pakati pa bonongwe, mbali imodzi itafa. Sanalankhulenso. Adokotala anati magazi anali akuthamanga kwa nthawi yaitali. Mwini chiwaya anabwera kumaliro, analira kwambiri, anthu osadziwa chifukwa chake.

Pamaliro amayi anaphika zimene zimaphikidwa pamaliro: nyemba ndi kabichi, m'mapoto akuluakulu, masamba akunja obiriwira aja atatayidwa mulu kuseri kwa bafa. Palibe analakwa. Sungadyetse khamu la anthu ndi luni. A Jailosi analankhula m'malo mwa akuchikazi. Anati alamu awo anali munthu wosamala mkazi, chitsanzo kwa achinyamata. Anti anakana kukwera galimoto kuchokera pamsewu kukafika pamanda. Anayenda okha, pang'onopang'ono, ndi mapazi awo awiri.

Dimba lilipo, koma palibe akulilima. Mpiru anakula n'kuchita maluwa achikasu. Nkhwani anauma pa mpanda. Mizere imene malume ankaongola ndi chingwe yaphwasuka, kheni ili pomwe inagwera. Chokhacho chimene sichinamve za malirowo ndi bonongwe. Mbewu yake inagwa yokha, ndipo wamera mosatsata mzere m'mbali mwa ngalande ya pampopi, mpaka pansi pa waya.

Sabata yatha anti anandiitana. Anati malo aja ndi anga, ndimange, malume anandilakwira ndipo iwo akudziwa. Ananena zimenezo atakhala pa kampando m'dimbamo, akuthyola nsonga za bonongwe kuika m'mbale, chifukwa kuwerama sangathe ndipo kumsika ndi kotsetsereka. Kunja kwa mpanda nkhuku za aneba zinali zikuyendayenda, kufunafuna polowera.

Chitseko chikadali pomwe malume anachimangirira. Penti yake yasuluka, koma mutu umene ndinajambulapo ukuoneka, wometedwa bwino, utagona chammbali, ukuyang'ana masamba. Waya wake ndi wopota kawiri basi, ndingamasule ndi zala. Ndinaimapo nthawi ndithu, kenaka ndinapita kukhonde la telala, kunali kasitomala akudikira.

Malata ali pa khitchini. Matabwa anadya chiswe. Galasi linasweka chaka chatha. Chatsala ndi chitseko chimodzi, cha mahinjesi awiri ndi loko wake, ndipo a Namakhwa sanandibwezerebe.